Atsikana Ogwa M'mitengo ya Mapeyala

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinapweteka bondo langa lakumanzereli, ndipo nthawi zonse bambo anu amanditsekera pakamwa n'kunena kuti ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Bondoli ndinalipweteka ndili pa ntchito, ndikuphunzitsa, ngakhale palibe ofesi imene inavomerapo zimenezo. Popeza tsopano ndinapuma ndipo palibenso amene angandisamutse, ndilemba mmene zinakhalira.

1994 mpaka 1998

Uphunzitsi ndinauyamba mochedwa, mu 1994, ndili kale ndi inu atatu. Chaka chimenecho sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana anasefukira, ndipo boma linkatola aliyense amene anali ndi satifiketi ya Fomu 4. Anatiphunzitsa masabata owerengeka n'kutimwaza. Ine ananditumiza pa sukulu ina ya mu esiteti ya tiyi kufupi ndi Makwasa, ndipo kalasi yanga inali tsinde la mtengo. Mvula ikayamba, phunziro linkathera pomwepo. Komabe ndinali pa mtendere, chifukwa mwana wa Sitandade 2 akapanda kumva amangokuyang'ana kukamwa kuli yasa, ndipo umadziwa kuti sanamve.

Tsoka linandipeza mu 1998. Bwana wina wa ku ofesi ya maphunziro anabwera kudzasaka aphunzitsi a sekondale yoyendera imene inali mkati mwenimweni mwa minda ya tiyi. Anatembenuza mapepala anga n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Madamu, apa palembedwa kuti munakhoza fizo."

Fizo ndi dzina limene ana a sukulu anapatsa phunziro la sayansi ya fizikisi ndi kemisitiri. Ndinati, "Ndinakhoza kalekale, bwana, ndisanakwatiwe n'komwe."

"Fizoyo sinasinthe," anatero, n'kutseka chikwama chawo.

Ndi mmene ndinakhalira mphunzitsi wa sayansi. Labu kunalibe. Buku linali limodzi, ndipo masamba ake oyambirira anali atadyedwa ndi chiswe. Zida zanga zinali sipuling'i ya matilesi akale, njerwa, chingwe choyanikira zovala, gudumu la njinga ndi wilibala imene omanga anaiwala kuseri kwa chimbudzi. Ahedi anali a Chikopa, munthu waulemu, wa tayi tsiku ndi tsiku, amene nzeru zawo zonse za utsogoleri zinali m'mawu amodzi: "Zisatifike." Denga likadontha, zisatifike. Mphunzitsi akabwera ataledzera, zisatifike. Sankadana ndi munthu aliyense, ankangodana ndi nkhani.

Koma chimene chinkandidya kwambiri si kusowa kwa zida. Anali anawo. Temu yachitatu iliyonse, mayeso a Fomu 4 akayandikira, tinkabwereza mutu wa kayendedwe ka zinthu: liwiro, mphamvu yokankha ndi kukoka, ndi malamulo atatu aja amene aliyense wophunzira fizo amayenera kudziwa. Loyamba limati chinthu chimene chaima chimakhalabe choima, ndipo chimene chikuyenda chimapitirirabe kuyenda, pokhapokha china chake chitachikankha kapena kuchigwira. Ana anga ankalinena lamuloli m'Chingerezi osaphonya ngakhale liwu limodzi. Ambiri anali a mpingo wa Sabata, ozolowera kwaya, moti ankachita kuliyimba, anyamata akuthira besi. Ndikafunsa kuti, "Mwamva?" denga linkachita kunjenjemera: "Tamva, madamu!" Ndiye ndifunse kuti, chifukwa chiyani madzi a mu ndowa amakhutukira kutsogolo munthu wosenza akaima mwadzidzidzi? Zii. Atsikana amene akhala akusenza ndowa chibadwire, onse maso pansi. Mapeto ake wina ankakweza dzanja mwaulemu n'kufunsa, "Zimenezo zili pa peji yanji, madamu?"

Ndinkabwerera kunyumba mutu ukuwawa, n'kumakalipira inu opanda chifukwa.

2001

Chaka chimenechi m'pamene ndinayamba kuona zilonda. Mwina zinalipo kale, koma ine ndinali ndisanatsegule maso. Atsikana ankalowa m'kalasi zigongono zitasupuka, kumbuyo kwa siketi kuli dothi lofiira, ena atatupa kunkhongo. Ndikafunsa, yankho linali lokonzeka: ndinaterereka kuchitsime, madamu. Chilonda chikakhala chachikulu, ndiye kuti ndinagwa mu mtengo wa mapeyala. Ndinadabwa kuti atsikana a kuno amakwera mitengo ya mapeyala ngakhale miyezi imene mulibe peyala ndi limodzi lomwe, ndiponso kuti onse amagwa chagada.

Tsiku lina ndinalawirira n'kukaima pa mphambano pamene msewu wa esiteti umakumana ndi njira ya kusukulu, ndipo ndinadzionera ndekha. Ana athu ambiri ankachokera ku komboni ya kumapeto kwa esiteti, kutali kwambiri, kotsika ndi kukwera zitunda. Woyenda pansi ankafika maphunziro awiri atatha. Koma m'mawa uliwonse thirakitala ya ku divishoni imeneyo inkapita ku fakitale kukatenga matumba oikamo tiyi, ikukoka thirela yopanda kanthu. Lamulo la kampani linali lokhwima: dalaivala wonyamula munthu, ntchito yatha. Ndiye anthu a kumeneko anapeza njira yawo. Dalaivala, Che Amidu, asananyamuke ankagwada n'kuyamba kuyang'anitsitsa tayala lakutsogolo, ana n'kumakwera kumbuyo. Akamaliza kuliyendera tayalalo ankakwera pampando osacheuka. Pofika pa mphambano ya kusukulu sankaima, chifukwa kuima kukanatanthauza kuti akudziwa zoti anyamula anthu. Ankangochepetsa liwiro n'kuimba hutala kawiri, ati kuthamangitsa mbuzi. Pamenepo aliyense ankadzionera yekha katsikidwe.

Anyamata sankavutika. Ankatembenuka kuyang'ana kumene thirakitala ikupita, kugwira thabwa lakumbuyo, kutsitsa miyendo ikuthamanga kale, kenako n'kusiya. Palibe anawaphunzitsa, anangogwa kokwanira ali aang'ono. Koma atsikana ankakhala m'mphepete mwa thirela miyendo ili lende, atayang'ana kumene achokera, manja onse awiri atapanikiza siketi pa maondo. Hutala ikalira ankangodzitsetsereza pansi. Mapazi ankaima, thupi n'kupitirira, ndipo mwana ankagwa chagada, phii! Amwayi ankafikira matako. Kenako ankadzuka, kudzisasa, kulowa m'kalasi mwanga n'kuyamba kundiyimbira lamulo loyamba la kayendedwe ka zinthu.

Pa mphambano yomweyo panali kanyumba ka mlonda wa esiteti, ndipo m'pamenenso amuna othyola tiyi ankasonkhana m'mawa kudikira kapitawo. Onse ankaona. Mlonda, hutala ikalira, ankayamba kumanga chingwe cha nsapato. Ahedi akapezeka pafupi ankayang'ana kumwamba ngati akuyeza mvula. Esiteti yonse inkadziwa, ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa.

2003

Chaka chimenecho mu Fomu 4 munali Esinati Namaona. Pa ana onse amene ndinaphunzitsa fizo, ameneyu ndiye anali ndi mutu. Masamu a liwiro ankawamaliza ine ndikufufutabe bolodi. Ankafuna unamwino, ndipo ankadziwa kuti popanda kukhoza bwino fizo sakamulandira. Mayi ake anali atamwalira. Bambo ake anali othyola tiyi komanso mkulu wa mpingo wa Sabata ku komboni kuja, ndipo iye ndiye ankatunga madzi ndi kuphikira azing'ono ake asananyamuke. Zolawirira kuti ayende pansi sizikanatheka.

Kutatsala mwezi kuti mayeso ayambe, m'mawa wina wa chiperoni msewu uli woterera, Esinati anatsika monga mwa masiku onse ndipo nkhongo yake inafikira pa mwala. Sanadzuke. Anzake anamunyamula, ndipo mwamwayi panadutsa galimoto ya wamalonda wina imene inakamusiya ku chipatala cha mishoni. Anatsitsimuka masana, atamusoka kumutu. Nditapita kukamuona ndinapeza bambo ake akufotokozera anamwino, nkhope ili gwa, kuti mwanayu anagwa mu mtengo wa mapeyala. Mkulu wa mpingo! Ndinatuluka nawo panja n'kuwapempha kuti Esinati adzakhale kwathu mpaka mayeso atatha, popeza nyumba yathu inali pafupi ndi sukulu.

"Zikomo madamu, koma sizingatheke," anatero. "Kwanu simusunga Sabata. Komanso azing'ono akewo adya chiyani? Ine ndamuuza kale kuti aziyenda pansi."

"Akamayenda pansi adzapeza mayeso atayamba, ndipo sadzamulola kulowa."

"Ine ndamuuza kuti aziyenda pansi," anabwereza, maso ali kumbali. "M'mawa ndimalawira kumunda. Zimene zimachitika ndikachoka, sindiziona."

Patapita sabata, ndili pa mphambano paja, hutala inalira kawiri. Ndinaona Esinati, bandeji ili kumutu, atakhala m'mphepete mwa thirela, manja pa siketi, akudzitsetsereza chimodzimodzi ngati kale. Anafikira matako, mutu unaphonya pansi pang'ono pokha. Mwana ameneyu dzulo lake anali atapeza malikisi onse pa funso la lamulo loyamba.

Ndinalunjika ku ofesi ya ahedi osagogoda n'komwe. Ndinawauza kuti ndikufuna kutenga Fomu 4 yonse kupita nayo ku komboni kuti ndikawaonetse katsikidwe ka pa thirela, ndipo kuti limenelo ndi phunziro la fizo lomwe lili mu silabasi.

"Thirela yake iti, madamu?"

"A Chikopa, musandiyese mwana."

"Khalani pansi kaye. Ofishale, palibe mwana wa pasukulu pano amene amakwera thirela. Inu mukangoyamba kuphunzitsa katsikidwe, ndiye kuti sukulu yavomera kuti alipo okwera. Mawa ripoti lifika kwa manijala. Dalaivala achotsedwa, pa thirela aikapo mlonda wa chibonga, ndipo ana a ku komboni asiya sukulu, kuyambira atsikana anuwo. Mukufuna zimenezo?"

"Ndikufuna kuti mwana asafe."

"Palibe akufuna kuti mwana afe. Phunzitsani pa bolodi. Zisatifike."

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sankanama. Ndinapita kwa Che Amidu, n'kuwapeza akutsuka thirakitala kumtsinje. Ndinawachonderera kuti aziima pang'ono pokha, kanthawi kongokwanira mwana kuponda pansi.

"Madamu andikhululukire," anatero. "Dalaivala amene analipo ine ndisanabwere anaimapo tsiku limodzi chifukwa cha chisoni. Pano akugulitsa nthochi ku Khonjeni. Ine ndili ndi ana anga. Ine ndimanyamula matumba basi, ndipo pa mphambanopo pamavuta mbuzi. Akapitiriza kundiyankhulitsa nkhani imeneyi, mawa mbuzizo sindidzaziona."

Ndinayesa za pa bolodi. Ndinajambula bokosi la magudumu n'kulitcha "galimoto ina iliyonse". Ndinatulutsa wilibala ija, n'kuimikamo njerwa, kuthamanga nayo n'kuima mwadzidzidzi. Njerwa inagwera kutsogolo, ana anaomba m'manja, ena n'kulemba m'makope kuti njerwa imagwa mu wilibala. Wina anafunsa ngati za wilibalazo zibwere pa mayeso. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi choko. Potsiriza ndinatulutsa anyamata onse, kutseka chitseko, n'kuwauza atsikana mosabisa kuti azitsika ngati anyamata, atayang'ana kutsogolo, akuthamanga. Anayang'anana, ena n'kubisa nkhope m'manja. Anayankha ndi Esinati yemweyo, motsitsa mawu.

"Madamu, zoti anyamata sagwa timaziona. Koma ife tizithamanga kumbuyo kwa thirela titatang'adza, siketi ili m'mwamba, azibambo onse aja akuonerera? Mmenemo muli amalume athu, muli akuluakulu a mpingo. Atipekera nyimbo. Mtsikana satsika choncho."

"Ndiye bola kusweka mutu?"

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale nditajambula mabokosi mpaka choko chonse cha boma chitatha, palibe mtsikana angayambe. Manyaziwo ankafunika munthu woyamba kuwasenza, ndipo munthuyo anayenera kukhala mayi wamkulu, wapabanja, woti nyimboyo ikapekedwa imugwere iye. Ndinayang'anayang'ana pasukulu ponse, ndipo mayi wotero ndinali ine ndekha. Ndinadziwanso kuti ana amatha kusaoneka, koma mphunzitsi wonenepa ngati ine sangabisike. Ndinasinkhasinkha masiku awiri, ndikuganiza za ntchito yanga, za ana a Che Amidu, ndi za bandeji ija. Mayeso anali atatsala pang'ono, ndipo Esinati anayenera kutsika pa thirela imeneyo tsiku lililonse la mayesowo.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinadzuka molawirira, ndinatenga buluku pa mulu wa zovala pafupi ndi makina osokera a bambo anu, kulivala, n'kumanga chitenje pamwamba. Bambo anu anatsegula diso limodzi.

"Amayi, bulukulo ndi la kasitomala!"

"Ndibweza."

Mnyamata wa njinga anakanditula ku komboni. Ndinapeza Che Amidu atagwada kale pa tayala lawo, ana akukwera. Atandiona ndikuponda pa chitsulo cha thirela, ana onse anauma. Atsikana awiri anandikoka manja, ndinafika pamwamba ndikupuma ngati ng'ombe. Che Amidu sanacheuke, koma ndinawamva akuuza tayala lija kuti, "Tayala iwe, lero wandipha."

Tinanyamuka. Abale inu, chinthu chimenecho chimagwedeza! Ndinakhala pafupi ndi Esinati, ndikugwira thabwa ndi manja onse, ndipo ndinayamba phunziro mokuwa kuti ndipose injini.

"Esinati, panopa ukuyenda kapena waima?"

"Ndakhala, madamu."

"Taona mitengo ya bulugamayo. Ikupita kuti?"

"Ikutsalira, madamu."

"Ndiye akuyenda ndani?"

"Thirela. Ndi ifenso."

"Thupi lako lonse likuthamanga limodzi ndi thirela, kulowera kumene kuli msana wakoko. Tsopano ukaponda pansi, dothi ligwira chiyani?"

"Mapazi."

"Nanga mutu augwira ndani?"

Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kukhudza bandeji ija. "Palibe, madamu," anatero. "Upitirira." Anandiyang'ana ngati wandiona koyamba, n'kunena lamulo lija, osati m'Chingerezi choyimba chija, koma m'Chichewa, mawu amodziamodzi. Zaka zisanu ndikukuwa pa bolodi, ndipo mwana woyamba kulimva lamulolo analimvera pa thirela imene kunalibe.

Hutala inalira kawiri. Ndinakwinya chitenje n'kuchimanga m'chiuno, buluku la kasitomala n'kuonekera poyera. Ndinatembenuka, kugwira thabwa, kutsitsa miyendo. Kunena zoona, ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga. Mapazi atakhudza pansi, msewu unandikoka ngati ukufuna kundilanda miyendo. Ndinathamanga, ndinathamanga, n'kusiya thabwa. Nsapato imodzi inauluka. M'bondo lakumanzere munalira kuti khwa, ululu n'kukwera mpaka m'chiuno, koma ndinadziuza kuti ndikangogwa pano ndiye kuti ndawapha atsikana onsewa. Ndinapitiriza kuthamanga motsimphina mpaka ndinaima, ndili chilili.

Pakati pa amuna aja pa mphambano panabuka chiphokoso, mluzu, kuseka, ena kugwa pansi ndi madengu awo. Ine sindinawalabadire. Maso anga anali pa thirela imene inkapitirira patsogolo panga. Ndinaona Esinati akuimirira, kupanira siketi pakati pa miyendo, kutembenuka, kugwira thabwa. Anatsika akuthamanga, anasiya, anathamangabe pang'ono, n'kuima. Anadziyang'ana yekha ngati sakukhulupirira. Anzake anatsatira mmodzimmodzi, ndipo palibe anawaseka, chifukwa anthu onse anali otanganidwa kuseka ine. Ahedi anali ataima pa njira ya kusukulu. Anayesa kuyang'ana kumwamba, koma tsiku limenelo khosi linawakanika.

Mlonda anabwera ndi nsapato yanga m'manja. "Madamu, mwandilakwira," anatero. "Anawa ndi aafupi, sindimawaona. Koma inu, ndi buluku lomwe, anthu onsewa akuona, ndikapanda kunena ine akanena wina."

Masana omwewo anatiitana ku ofesi ya manijala wa esiteti. Ahedi anakhala pampando, Che Amidu anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Manijala anali munthu wa kwathu konkuno, wotopa ndi ntchito, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti akundipempha ndisawauze chimene akudziwa kale.

"Madamu, dalaivala wanga anadziwa kuti mwakwera?"

Ndinayang'ana Che Amidu. "Ayi, bwana. Ankayang'ana tayala."

"Munali ndi ndani pa thirelapo?"

Ine amene ndinakhala ndikukalipira esiteti yonse chifukwa cha bodza limeneli, tsopano linali pakamwa panga. Ndikanena zoona, mawa pa thirela pakhala mlonda, ndipo Esinati sakalemba mayeso.

"Ndinali ndekha, bwana."

"Ndiye kuti thirela yathu inanyamula munthu mmodzi, tsiku limodzi, mwakuba."

"Inde, bwana."

Onse atatu anapumira pansi nthawi imodzi. Manijala anati kampani siingalole mphunzitsi wa khalidwe lotere pafupi ndi katundu wake, ndipo ahedi anati asadandaule, nkhaniyo aikonza ndi a ku ofesi ya maphunziro. Ndinatuluka ndikutsimphina, ndili ndi mkwiyo woti sindikudziwa pokautula. Bondo ndinalimanga ndi kansalu. Ofunsa ndinkawauza kuti ndinaterereka kuchitsime.

2004

Mu Januwale anandisamutsira ku Thekerani. Chifukwa chimene ananena chinali chakuti kumeneko kukusowa mphunzitsi wa fizo, ndipo a Chikopa ananditsanzika ndi mawu okoma kwambiri pa asembule. Inu mukukumbukira nyumba yodontha ija, ndi msewu umene nthawi ya mvula galimoto zinkaukana. Bambo anu anataya makasitomala awo onse, kuyambira mwini buluku uja, ndipo kwa miyezi ingapo ankandiyankha ndi mawu amodziamodzi. Iwe Tamanda unabwereza kalasi chifukwa cha kusamukako, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Nyimbo ija anandipekeradi. Inanditsatira mpaka ku Thekerani, ndipo sindiilemba muno ngakhale mutandichonderera.

Esinati anali atalemba mapepala onse, osachedwa tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo kumeneko m'kumene ndinamva kuti fizo anakhoza bwino. Ndinasangalala, koma ndisakunamizeni, tsiku lomwelo ndinalowa m'kalasi yatsopano, ndinafunsa za madzi a mu ndowa, ndipo wina anandifunsa peji.

2009

Bondo lija linapirira zaka zingapo, kenako linatupa mpaka kukwera sitepe ya kalasi kunandikanika. Bambo anu anandikakamiza kupita ku chipatala cha mishoni ku Makwasa. Tinagona kwa achibale, ndipo m'mawa mwake matola imene tinakwera inadzera msewu wa esiteti ija n'kuima pa mphambano pomwe paja kutsitsa munthu. Ndinamva hutala kawiri. Thirakitala inali ina, dalaivala wina, mlonda wina, koma nayenso anawerama kumanga nsapato. Atsikana anaimirira pa thirela, kupanira masiketi, kutembenuka, n'kutsika akuthamanga onse, ngati ndi mmene anthu akhala akuchitira chilengedwere dziko. Palibe anaseka. Ndinakodola mmodzi.

"Mwanawe, anakuphunzitsa ndani kutsika choncho?"

"Palibe, amayi. Atsikana a kuno timangotero."

"Lamulo loyamba la kayendedwe ka zinthu umalidziwa?"

Anaima njo, manja kumbuyo, n'kundiyimbira lonse m'Chingerezi osaphonya.

"Chabwino. Nanga lamulo limenelo likukhudzana bwanji ndi thirela watsikayo?"

Anandiyang'ana mwaulemu kwambiri. "Thirela yake iti, amayi?"

Bambo anu anandigwira mkono, chifukwa anaona kuti ndikufuna kutsika.

Kuchipatala ndinadikira pa benchi mpaka dzina langa litaitanidwa. Namwino amene ananditengera m'chipinda cha dokotala anali atavala zoyera, kachipewa kali pamutu, ndipo sindinamuzindikire mpaka pamene anagwada n'kunena kuti, "Madamu." Anali Esinati. Tisanalonjerane n'komwe mokwanira, dokotala, mnyamata wachilendo kuderali, anayamba kudinadina bondo lija n'kufunsa kuti linayamba bwanji. Ndinali nditatopa, ndiponso ndinali nditazolowera.

"Ndinagwa mu mtengo wa mapeyala," ndinatero.

"Ayi, adokotala," anatero Esinati, mokweza moti a pa benchi panja anamva. "Awa ndi aphunzitsi anga a fizo. Anadumpha pa thirela ya tiyi ikuyenda, kutiphunzitsa katsikidwe. Ine ndinali pa thirela pomwepo. Tinalipo ambiri."

Misozi inangoyamba kutsika yokha, ndipo dokotala anapepesa, poganiza kuti wadina kwambiri.